Chilonda cha pakhutu chosapola: kodi dzuwa la ku Dedza lingayambitse khansa ya pakhungu?

Mayi a ku Lobi:
Ndakupatsani moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani ya mlongo wanga, ndipo ndalemba iye mwini atandilola. Mlongo wangayu ndi wa khungu lachialubino, ali ndi zaka 29, ndipo amalima mbatata ya kachewere ndi nyemba kwathu kuno. Pamwamba pa khutu lake lakumanja pali chilonda chimene chinayamba nthawi yokolola chimanga, mwezi wa Meyi, ndipo lero tili mu Okutobala koma sichinapole. Chimachita nkhanambo, nkhanamboyo imagwa, pansi pake pamatuluka magazi pang'ono, kenaka chimaumanso ngati chikufuna kupola. Tapakapo jivi, tathirapo ufa wa m'makapisozi ogula pagolosale, amalume nawo anabweretsa mankhwala a zitsamba, koma m'malo mochepa chikukula ndipo m'mphepete mwake mwatukuka n'kulimba. Iye akuti sichipweteka kwenikweni, choncho sakuona chifukwa chosiyira dimba lake n'kupita kuchipatala. Ndinamva pawailesi kuti dzuwa limayambitsa khansa ya pakhungu, koma abale akuti zimenezo n'za kunyanja kapena ku Chikwawa kumene kumatentha, osati kuno kumene timavala majuzi mpaka masana. Ndithandizeni maganizo.

Anamwino opuma pa ntchito, Dedza boma:
Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndiyamba ndi chimene chili chofulumira. Alongo anuwo apite kuchipatala cha boma sabata ino, osadikira kuti akumbe kaye mbatata. Sindinganene dzina la matenda kwa munthu amene sindinamuone, koma zimene mwafotokozazo, chilonda cha miyezi 5 pakhutu la munthu wachialubino, chochita nkhanambo n'kumatulukanso magazi, cholimba m'mphepete, ndi zimene timaphunzitsidwa kuti tiziziganizira ngati khansa mpaka kuyeza kutatsutsa. Chilonda wamba chimapola mkati mwa masabata 4. Kusapwetekako kusakulimbitseni mtima, chifukwa khansa ya pakhungu nthawi zambiri imayamba mosapweteka, ndipo ululu umadza itadya kale mnofu wa pansi. Mtundu umene umagwira kwambiri anthu achialubino muno mu Africa madokotala amautcha squamous cell carcinoma, ndipo umakonda malo amene dzuwa limawomba tsiku ndi tsiku: makutu, milomo, mphuno, chipumi, khosi ndi kuseri kwa manja.

Tsopano za kuzizira kwa kwathu kuno. Chimene chimawononga khungu si kutentha kumene thupi limamva, koma cheza china cha dzuwa chotchedwa UV, chimene maso sachiona ndipo khungu silichimva pamene chikulowa. Chezachi chimawonjezeka munthu akamakwera kumtunda, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa mamita 1,000 alionse okwera chimawonjezeka ndi maperesenti 10 kapena kuposerapo pang'ono. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imapitirira mamita 2,000. Mitambo yopyapyala nayo siteteza kwenikweni, pakuti mbali yaikulu ya chezachi imadutsa ndithu. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kamphepo kathu kozizira kamachotsa chenjezo. Munthu wa kotentha amathawira pamthunzi thupi likamuuza, pamene wa ku Lobi kapena ku Bembeke amalima mpaka 1 koloko osamva kanthu, ndipo kukacha mwezi wa Juni amachita kukhala padzuwa dala kuti aothere.

Bambo a ku Mayani:
Zikomo anamwino. Sindikutsutsa, koma ndifunse monga mlimi amene wakulira padzuwa. Makolo athu ankalima opanda malaya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sindinamvepo kuti wina wadwala khansa chifukwa cha zimenezo. Nanga kusiyana kwake kuli pati kwenikweni? Chachiwiri, mafuta oteteza khungu ku dzuwa amene amanenedwawo ndi odula m'masitolo. Kodi munthu atadzola Vaseline wambiri, kapena mafuta ophikira monga ena amachitira khungu likauma, sizingathandize chimodzimodzi?

Atelala a ku Linthipe:
Bambo a ku Mayani, ndiloleni ndiyankhe ine, chifukwa khungu limene tikukambali ndi langa. Ndine wachialubino, ndili ndi zaka 44, ndipo ndimasoka zovala pakhonde la sitolo. Khungu lanu lili ndi chinthu chotchedwa melanini, chimene chimalipatsa mtundu wakuda komanso chimamwa mbali yaikulu ya cheza cha dzuwa chisanafike mkati. Ife tinabadwa ndi melanini wochepa kwambiri kapena wopanda, chifukwa cha chibadwa chimene tinatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale iwowo atakhala akuda. Choncho dzuwa limene inu mumalipirira tsiku lonse, ine limandifiiritsa ndi kundiwotcha ola lisanathe. Makolo anu sanadwale chifukwa anali ndi chitetezo chimenecho. Achialubino a nthawi imeneyo ankamwalira ali achinyamata ndi zilonda za kumaso ndi kukhosi, ndipo anthu ankati alodzedwa.

Vaseline ndi mafuta ophikira amangofewetsa khungu, koma cheza chimadutsa ngati palibe chilichonse. Ndinadzola zimenezo ubwana wanga wonse, ndipo pofika zaka 30 khosi langa linali lokhuthala, la mizeremizere, komanso ndinali ndi timabala tokhakhala pamakutu ndi pamanja timene ukatikhudza timamveka ngati pepala lopalira matabwa. Timabala timeneto ndi chenjezo, pakuti tina mwa ito timasanduka khansa tikasiyidwa. Ine anandichotsa pa kiliniki ya khungu pongotipopera mankhwala ozizira kwambiri, ntchito ya mphindi zochepa, kenaka tinachita matuza n'kupola. Mnzanga amene tinkaphunzira limodzi sanapeze mwayi umenewo. Chake chinayamba pamlomo wam'munsi, anayenda nacho kwa asing'anga chaka chathunthu, ndipo pamene ankafika kuchipatala chachikulu chinali chitalowa m'nsagwada. Tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 35.

Kwa amene alibe ndalama ndimanena kuti chitetezo choyamba ndi nsalu, mafuta amabwera pambuyo. Chipewa chikhale cha khonde lozungulira mutu wonse, lotambalala masentimita 8 kapena 10, chifukwa kapusi ya mlomo wakutsogolo kokha imasiya makutu ndi khosi pamtunda, ndipo ndikukhulupirira kuti alongo a mayiwa amavala kapusi yotero. Malaya akhale a manja aatali ndi kolala, buluku kapena siketi ikhale yofika kumapazi. Poyesa nsalu, ikwezeni kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa mosavuta, cheza nachonso chikudutsa. Chitenje cholimba chophatikiza kawiri chimasokeka chipewa chabwino kwambiri.

Alangizi a zaumoyo a ku Mtakataka:
Ndikugwirizana ndi atelala, ndipo zimene anamwino anena za kuzizira ndimaziona ndi maso. Kuno kumunsi kumatentha kwambiri moti anthu amaweruka kumunda 9 koloko, pamene abale athu a kumtunda amapitiriza mpaka masana. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira 10 koloko m'mawa kufika 4 koloko masana. Kwa amene alibe wotchi kumunda ndimawauza kuti ayang'ane chithunzithunzi chawo pansi: chikafupika kuposa msinkhu wawo, nthawi yokhala pamthunzi yakwana.

Pa nkhani ya mafuta oteteza khungu ku dzuwa, pabotolo pamalembedwa zilembo za SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake. Kwa munthu wachialubino tifune SPF 50. Adzole pakhungu louma mphindi 20 asanatuluke panja, adzolenso pakatha maola awiri alionse ngati akadali padzuwa, komanso akatuluka thukuta kwambiri kapena akasamba. Malo amene ambiri amaiwala ndi omwe aja khansa imakonda, ndiwo nsonga za makutu, milomo, kumbuyo kwa khosi, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. Cholakwika china chimene ndimachipeza m'midzi n'chakuti anthu amadzola usiku akasamba, monga achitira ndi mafuta ena onse, ndipo m'mawa amapita kumunda opanda kanthu. Ena amadzola pang'ono kwambiri kuti botolo likhalitse. Ana osakwana miyezi 6 timadalira mthunzi, chovala ndi ambulera, makamaka mayi akawabereka kumsana popita kumsika.

Mafutawa amayenera kupezeka kwaulere m'zipatala za boma, ndipo mabungwe monga APAM, limene ndi bungwe la anthu achialubino m'Malawi, ndi Standing Voice amathandiza pa nkhani ya makiliniki a khungu ndi kugawa zipewa. Sindibisa kuti nthawi zina amatha, ndipo ndinaonapo mayi atayenda makilomita ambiri ndi mwana kumsana n'kubwerera chimanjamanja. Koma tiyeni tizikafunsabe ndi kulembetsa mayina, chifukwa amene amaitanitsa mankhwala amayang'ana chiwerengero cha olembedwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, pamene kale anthu ankangoyerekeza kuti alipo 10,000 kapena kucheperapo. Kusiyana kumeneko kukusonyeza kuti ambiri akhala osawerengedwa kwa zaka zambiri.

Mayi a ku Lobi:
Ndathokoza nonse, ndipo atelala mwalondola, ndi kapusi imene amavala. Ndamuwerengera mlongo wanga zonsezi ndipo wakhala chete nthawi yaitali. Chimene chikutiopsa tsopano ndi mawu a amalume, amene akuti chilonda cha mtundu umenewu chikangokhudzidwa ndi mpeni wa kuchipatala chimalusa n'kufalikira thupi lonse. Akutchula munthu wina wa mudzi woyandikana nafe amene anachitidwa opaleshoni n'kumwalira patangotha miyezi itatu. Popeza amalume ndiwo mwini mbumba, mawu awo ndi olemera pabanja pathu, ndipo sindikufuna kuwayankha mwachipongwe. Ndiwauze chiyani?

Anamwino opuma pa ntchito, Dedza boma:
Mayi, amalume anuwo akunena zimene anaona, ndipo tisawatenge ngati osadziwa kanthu. Chimene sanaone ndi nthawi imene munthuyo anakhala ndi chilonda asanafike kuchipatala. Odwala ambiri amabwera khansa itafalikira kale ku timitsempha ta m'khosi kapena italowa m'fupa, madokotala amayesetsa, munthu amamwalirabe, ndipo mudzi umakumbukira mpeni n'kuiwala zaka ziwiri zimene chilondacho chinakhala chikukula kunyumba. Khansa ya pakhungu ikapezeka idakali yaing'ono, kuidula pamodzi ndi kachigawo ka khungu labwino kozungulira ndiyo njira imene imachiritsa ambiri, ndipo kawirikawiri amangochititsa dzanzi pamalopo, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ikakula pamafunika opaleshoni yaikulu, kutenga khungu pena n'kumatika pena, mwinanso chithandizo cha cheza champhamvu, ndipo mwayi wochira umachepa.

Mukafika kuchipatala, nenani momveka kuti chilondacho chatha miyezi 5, chimatuluka magazi, ndipo mwiniwake ndi wachialubino. Tchulaninso zonse zimene mwapakapo, osachita manyazi ndi zitsamba zija. Pemphani kuti aonedwe ndi wodziwa za khungu. Njira yotsimikizira ndi kudula kanyama kakang'ono kuti kakayezedwe, ndipo ngati pakufunika thandizo loposa pamenepo amatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Ngati mwangopatsidwa mapilitsi n'kuuzidwa kuti muzitsuka, koma patatha masabata awiri palibe kusintha, bwererani ndi buku la kuchipatala lomwelo kuti aone kuti munabwerapo kale. Ndimalangizanso kujambula chilondacho pafoni mutaika ndalama yachitsulo pambali pake, kuti kukula kwake kuzioneka. Koma amalumewo musawasiye kumbuyo. Apempheni kuti akuperekezeni, adzifunsire okha kwa adokotala, chifukwa mwini mbumba akamva ndi makutu ake amasanduka mboni yanu kumudzi.

Aphunzitsi a ku Bembeke:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo mawu a atelala onena za ubwana wawo andikhudza, chifukwa kuwonongeka kwa khungu kumaunjikana kuyambira munthu ali wamng'ono, ndipo zaka zambiri za ubwana mwana amakhala m'manja mwa ife aphunzitsi. Pasukulu imene ndinkaphunzitsa kale tinali ndi mtsikana wachialubino mu Sitandade 4. Yunifolomu yake inali ya manja aafupi monga ya anzake, pa asembule ankaima pabwalo lopanda mthunzi, ndipo popeza zipinda zinali zochepa kalasi yake inkaphunzirira panja, pansi pa mtengo umene mthunzi wake unkasuntha n'kusiya theka la ana padzuwa. Tsiku lina mphunzitsi mnzanga anamulanda chipewa ponena kuti kuvala chipewa pamaso pa akulu n'kupanda ulemu. Ndimadzimvera chisoni kuti tsiku limenelo sindinayankhule.

Zimene tinasintha pambuyo pake sizinafune ndalama. Komiti ya sukulu inavomereza malaya a manja aatali a mtundu wa yunifolomu, chipewa chinaloledwa paliponse, kalasi yake inapatsidwa chipinda, ndipo anakhazikidwa kutsogolo chifukwa ana achialubino ambiri saona bwino patali. Ntchito zakunja monga kusesa ndi kuthirira maluwa ankazichita m'mamawa. Ndikupempha aphunzitsi anzanga a m'zoni zathu kuti nkhaniyi tiziikamba pamisonkhano ya makolo chaka chikamayamba, osadikira kuti mwana ayambe matuza.

Bambo a ku Mayani:
Ndamva, ndipo za Vaseline zija ndazisiya. Atelala, pepani ngati funso langa linakupwetekani mtima. Koma tsopano ndayamba kuganiza za mayi anga, amene ndi akuda ngati ine. Ali ndi banga lakuda kuphazi, pafupi ndi chidendene, limene akuti linayamba ataponda chitsa chaka chatha, ndipo likuoneka kuti likutambalala. Kodi ife akhungu lakuda nkhani ya khansa ya pakhungu imatikhudzanso?

Anamwino opuma pa ntchito, Dedza boma:
Bambo, imatikhudza ndithu, ngakhale kuti si kawirikawiri, ndipo kwa ife imakonda kubisala kumene dzuwa silifika. Pali mtundu wotchedwa melanoma umene mwa anthu akuda umapezeka kwambiri kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Umayamba ngati banga lakuda kapena lofiirira losalongosoka m'mphepete, la mitundu yosakanikirana, limene limakula pang'onopang'ono, kapena ngati mzere wakuda m'chikhadabo umene ukunka nutambalala. Pafupifupi aliyense amene ndinamuona ndi vutoli ankanena kuti anaponda munga kapena chitsa. Ambiri mukumudziwa Bob Marley wa ku Jamaica. Khansa imene inamupha mu 1981, ali ndi zaka 36, inapezeka mu 1977 pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi, ndipo poyamba ankaganiza kuti anangovulala posewera mpira. Melanoma imafalikira msanga kuposa mitundu ina, choncho amayi anuwo apite akaonedwe mwezi uno usanathe.

Pali malo ena awiri ofunika kuwayang'anira. Oyamba ndi zipsera zakale za moto. Kuno kozizira anthu amagona pafupi ndi moto, ana ndi odwala khunyu amagweramo, ndipo chipsera chotero chikhoza kutseguka patapita zaka 20 kapena 30 n'kukhala chilonda chosapola chimene mkati mwake muli khansa. Chimodzimodzinso zilonda za m'miyendo zimene munthu wakhala nazo zaka zambiri, zikayamba kutukuka m'mphepete kapena kumera mnofu ngati kolifulawa. Achiwiri ndi mawanga akuda kapena ofiirira ndi timatotupa ta m'miyendo, m'mapazi kapena m'kamwa, nthawi zina pamodzi ndi kutupa kolimba kwa mwendo. Imeneyo ikhoza kukhala Kaposi sarcoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi. Siyamba chifukwa cha dzuwa koma kachilombo kena, ndipo imabuka makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika, ngakhale kuti imagwiranso anthu amene alibe HIV. Woona zizindikiro zimenezi akayezetse magazi, chifukwa ma ARV pamodzi ndi mankhwala a khansa amathandiza kwambiri akayambidwa msanga.

Atelala a ku Linthipe:
Bambo a ku Mayani, simunandilakwire, funso lofunsidwa poyera ndi labwino kuposa zonong'onezana zimene tinakulira nazo. Ndikuvomereza zonse zimene anamwino anena, koma ndipemphe kuti pofalitsa uthengawu tisafike ponena kuti chiopsezo n'chofanana kwa onse, chifukwa sichofanana. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lakhala likukamba za kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino, ndipo n'koyenera kutero, koma maliro ambiri a anzanga amene ndapitako anali a khansa, ndipo amenewo samveka pawailesi. Mantha a zigawenga aja anachititsanso ena kuopa kuyenda okha mtunda wautali kupita kuchipatala, choncho woperekeza ndi wofunika.

Chinanso ndi ntchito. Kuuza munthu kuti asakhale padzuwa pamene chakudya chake chimachokera ku ganyu, ku kabaza kapena kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 n'kumuuza kuti agone ndi njala. Ine chimene chinandipulumutsa ndi makina osokera amene amalume anga anandigulira. Mabanja aganizire zimenezi pogawana ntchito: wachialubino alime m'bandakucha ndi madzulo, masana asankhe mbewu, asunge golosale kapena adyetse nkhumba pamthunzi. Ndipo tsiku la 13 Juni, limene United Nations inakhazikitsa kuti likhale lokumbukira anthu achialubino, lisamathere pa zolankhula zokha popanda woyeza khungu pamalopo.

Alangizi a zaumoyo a ku Mtakataka:
Mfundo ya woyeza khungu ndaitenga ndipo ndikaipereka kumsonkhano wathu wa mwezi uno. Kumbali yanga ndayamba kale kukamba nkhaniyi kusikelo ya ana, chifukwa kumeneko ndi kumene mayi wa khanda lachialubino amayamba kuonekera. Ndapemphanso mafumu awiri a m'dera langa kuti andipatse mphindi zochepa pamisonkhano yawo, ndipo ndikupempha amene muli m'mabungwe a amayi kumipingo ndi kumizikiti kuti muchite chimodzimodzi. Uthenga ukhale waufupi kuti anthu aukumbukire: chilonda chopitirira mwezi chikaonedwe, banga losintha maonekedwe likaonedwe, ndipo kamodzi pamwezi wachibale amuyang'ane mnzake kuseri kwa makutu, kukhosi, kumsana ndi kumapazi, kumene mwiniwake sangadzione.

Mayi a ku Lobi:
Ndabweranso patatha masiku 9 kuti ndikudziwitseni. Tinapita Lachiwiri, ine, mlongo wanga ndi amalume, amene anavomera nditawapempha monga munandilangizira. Amalume anafunsa okha za mpeni uja, ndipo adokotala anawafotokozera modekha mpaka anagwedeza mutu. Anadula kanyama pakhutupo kuti kakayezedwe, anapezanso timabala tokhakhala tinayi pakhosi ndi kuseri kwa dzanja timene ife sitinkatiwerengera n'komwe. Atiuza tsiku lobwerera kukamva zotsatira, ndipo anena kuti mwina tidzatumizidwa ku Lilongwe. Mtima wanga sunakhazikike, ndipo usiku sindikugona bwino, koma mlongo wanga walandira botolo la mafuta ndipo dzina lake lalembedwa. Dimba tagawana: iye akuthirira kusanache, ana anga akupitiriza akaweruka kusukulu. Atelala, ndikufuna zipewa ziwiri za khonde lalikulu, china chake, china cha mwana wa mnansi wathu amene ali ndi zaka 6. Bambo a ku Mayani, kodi amayi anapita?

Bambo a ku Mayani:
Tikupita Lolemba, mayi. Anayamba akana, koma mlongo wanga wawanyengerera ndipo njinga yamoto ndapangana nayo kale.

Atelala a ku Linthipe:
Mayi, tengani chingwe muzungulize mutu wa aliyense pamwamba pa makutu, mudule pamene chakumana, ndipo zingwe ziwirizo mupatsire aliyense wobwera kumsika kuno. Cha alongo anuwo ndichisoka chomasuka pang'ono kuti chisakhudze bala, ndipo ndiikako nsalu yolendewera kumbuyo yophimba khosi. Cha mwanayo ndiikako kachingwe ka pachibwano kuti mphepo isamachiulutse popita kusukulu, ndipo chimenecho musalipire.